Funsani Azakhali: Ndigulitse njinga ndikakhale moyo wa surfing ku Tofo?

FUNSO: Azakhali muli bwanji? Ine ndi mnyamata wa zaka 24, ndimakhala ku Chinamwali kuno ku Zomba, sukulu ndinamaliza koma ntchito siikuoneka. Pa TikTok ndimaona anyamata a ku Tofo ku Mozambique, amadzuka m'mamawa kukakwera mafunde pa thabwa lija amati surfing, kudya nsomba ndi kokonati, kanyumba ka udzu, kasola padenga, basi moyo wopanda phokoso. Mtima wanga uli komweko. Ndigulitse njinga yanga ya kabaza ndinyamuke? Kusambira ndimatha pang'ono, ndinaphunzirira mu Likangala.

YANKHO: Mwana wanga, njinga usagulitse kaye. Tofo iliko ndithu ndipo ndi kokongola, ndi mudzi wa asodzi m'chigawo cha Inhambane, makilomita 20 ndi pang'ono kuchoka mu tauni ya Inhambane, ndipo pafupi pake pali Tofinho pomwe odziwa surfing amakonda chifukwa mafunde ake amabwera motalika mondondozana. Zomwe waonazo si zabodza ayi. Koma tiyambe ndi nkhani ya madzi, poti ndi imene yandidetsa nkhawa kwambiri.

Likangala si Indian Ocean. Ngakhale nyanja yathu ya Malawi ikakwiya ndi mwera, mafunde ake amapangidwa ndi mphepo ya pompo, pomwe a ku Tofo amachokera ku mikuntho ya kutali kum'mwera kwa nyanja, amayenda masiku angapo asanafike kugombe ndiye amafika ali ndi mphamvu zoti munthu wozolowera mtsinje sangaziganizire. Madzi amakwera ndi kuphwa kawiri pa tsiku potsatira mwezi, malo omwe unayima m'mawa masana ndi pakuya. Choopsa zedi ndi kanjira ka madzi obwerera mkati mwa nyanja, amakukoka mwakachetechete, ndipo amene amalimbana nawo kuti abwerere kumtunda molunjika ndi amene amatopa n'kumira. Odziwa amasambira chammbali mpaka atulukemo. Ndiye usanaganize za thabwa, phula lopaka pa thabwalo ndi chingwe chomangira kumwendo, peza pophunzirira kusambira kwenikweni mpaka uzitha mphindi zambiri osaponda pansi.

Tsopano moyo wosalira zambiri uja. Ambiri mwa amene amajambula mavidiyo ndi alendo, ndalama zawo zikuchokera kwawo kapena amagwira ntchito pa intaneti. Eni mudzi amadalira usodzi ndi alendo omwewo, amene amabwera kudzaona shaki wamkulu wamawangamawanga uja wosaluma anthu, ndi anamgumi omwe amadutsa nthawi ya chisanu kuyambira cha mu June mpaka October. Alendo akachepa, ndalama imachepanso. Ndipo gombe limeneli limakumana ndi anamondwe, Dineo anasakaza Inhambane mu February 2017, ndipo Freddy yemwe anatiliza ife kuno mu March 2023 anayamba watera m'chigawo chomwechi cha ku Vilankulo. Kanyumba ka udzu kamakoma pa foni koma uzifunsa kuti denga likapita alikonza ndani.

Chinanso chomwe chimandikhudza ine, moyo umenewo suli wachilendo kwa iwe monga ukuganizira. Ndiwo yotchuka kumeneko ndi matapa, ndi chigwada chotendera chomwechi, angowonjezera mkaka wa kokonati ndi nkhanu kapena tinsomba. Pita pa Kachulu ukaone asodzi a pa Chilwa, kudzuka usiku, kuwerenga mphepo, kudya zomwe madzi apereka tsikulo, ndipo nyanja itauma mu 1995 ndi 2018 anaona okha kuti kudalira madzi kumatanthauza chiyani. Mnyamata wa ku Tofo amakumva bwino ukamuuza zimenezi kusiyana ndi kumuuza za TikTok.

Ngati mtima ukukakamirabe, ndipo ine sindikuletsa, pita ngati mlendo kaye kwa milungu iwiri. Tenga pasipoti, udutse pa Mwanza kulowa Zobue, Tete, Inchope, kenako msewu wa EN1 kutsika kum'mwera mpaka Maxixe, apo ukwera boti kuwoloka kupita ku Inhambane ndiye chapa, minibasi yawo, kukafika ku Tofo. Ndi ulendo wautali wotopetsa, sungautha tsiku limodzi. Thabwa usagule, kumeneko amabwereketsa ndipo aphunzitsi alipo, ena ndi ana a m'mudzi momwemo amene anayamba ndi matabwa osiyidwa ndi alendo. Yamba lero kuphunzira Chipwitikizi, eni ake amalankhulanso Gitonga, ndipo dziwa kuti kulowa ngati mlendo sikukupatsa chilolezo chogwira ntchito, imeneyo ndi pepala ina. Neti ya udzudzu usaiwale, malungo aliko ngati kuno.

Njingayo umusiyire m'bale wako wokhulupirika aziyendetsa, azikutumizira kangachepe uli konko. Ukabwerako undilembere, ndikufuna kumva ngati unayimirira pa thabwa.