Dziko la m'nkhani yako liyambire pa chitsime

Wophunzira wina wa kwa Santhe wanditumizira imelo. Akuti wajambula mapu a dziko longopeka, maufumu asanu ndi awiri, mayina a mafumu adzaza kope lonse, koma nkhani yeniyeniyo ikukana kuyamba. Akufunsa kuti ayambire pati.

Mphwanga, mapuwo uwapinde kaye. Funso lakoli landikhudza chifukwa alembi athu ambiri achinyamata akudwala matenda omwewa: malinga amiyala, akavalo, malupanga, zonse zotola m'mafilimu, chonsecho mwini wake anakulira pakati pa zigafa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Yambira pa madzi. Mwezi wa Okutobala, anthu akowo amatunga kuti? Ngati ali m'mbali mwa mtsinje ngati Bua, ndiye kuti ali ndi madimba, nsomba, udzudzu, ndiponso dzinja likafika tsidya lina silifikika. Ngati chitsime chili pa mtunda wa ola limodzi, amayi amakumana kumeneko m'mawa ndi madzulo, ndipo mphekesera zonse za m'mudzi zimadzera pamenepo. Ndowa ya malita 20 imalemera makilogalamu 20. Mtsikana amene waisenza sangathamange, ngakhale amve mfuu kumudzi. Ayitula kapena ayitaya, ndipo owerenga amene anasenzapo ndowa adzakugwira bodza ukalemba mwina.

Kenako chaka chawo. Taona chathu kuno ku Kasungu: nazale za fodya cha m'Seputembala, kuwokera mvula ikagwa, kuthyola ndi kupachika m'zigafa, kenako mabelo ulendo wa ku Chinkhoma kuyambira cha m'Epulo. Ndalama imabwera kamodzi pachaka. N'chifukwa chake maukwati, ziliza, chinamwali ndi njinga zatsopano zimachuluka anthu akakolola, pomwe Febuluwale nkhokwe ili mbee, ganyu yekhayekha. M'dziko lako mwina salima fodya, mwina amasula makasu ngati makolo amene ng'anjo zawo zikuonekabe m'nkhalango ya Kasungu. Funso ndi lomwelo: ndi mwezi uti akhuta, ndi uti agona ndi njala? Amene amalemba nkhondo ya asilikali zikwizikwi m'Januwale sanadzifunse kuti adya chiyani, awoloka bwanji.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi nkhani ya ufumu. Mfumu yamwalira, mwana wake wachisamba walowa, basi. Mwambo umenewu mwautenga kuti? Kwa Achewa mpando umapita kwa mwana wa mlongo wake wa mfumu, ndipo amayi akuluakulu a mbumba ali ndi mawu pa kusankhako. Mkamwini amalima munda wa kuchikazi, ana ake olamula ndi atsibweni awo. Pita ku Mchinji, kwa Zulu kapena kwa Mlonyeni, upeza Angoni amene mwambo wawo ndi wa lobola ndi wotsata kuchimuna. Ika anthu a miyambo iwiri yotere m'mbali mwa mtsinje umodzi, mnyamata wa uku akwatire uko, abereke mwana, kenako mkaziyo amwalire. Mwanayo ndi wa yani? Nkhani yayamba kale, sunajambule mapu. Ndikunenetsa kuti wolemba amene sanasankhe njira ya cholowa alibe dziko, ali ndi mayina chabe.

Malire nawonso asakhale mzere wa papepala. Mu 2022 njovu 263 anazisamutsa ku Liwonde kubwera nazo kuno, ndipo amene ali ndi munda kufupi ndi nkhalangoyo amadziwa tanthauzo la malire: chimanga cha miyezi inayi kutha usiku umodzi. Dziko lako likhale ndi malo oletsedwa, mlonda wake, ndi munthu amene amalowabe chifukwa ana alibe ndiwo. Zamatsenga chimodzimodzi, zikhale ndi chizimba ndi zoletsa zake, woswa aone zotsatira. Koma za kudambwe uzisiye kudambwe, upeke zako.

Tsono uchite izi

Sankha mudzi umodzi, nyumba zosapitirira khumi. Pa tsamba limodzi lokha lemba madzi, chakudya, mwezi wa njala, wolowa ufumu, ndi choletsedwa chachikulu. Mitunda uiyeze ndi miyendo: munthu amayenda makilomita pafupifupi 5 pa ola, ngolo yodzaza siposa pamenepo, ndiye ulendo ngati wochoka pa Kasungu kukafika ku Lilongwe, makilomita pafupifupi 130, ndi masiku anayi. Mayina amveke a chinenero chimodzi, ndipo uwatchule mokweza. Likakupinda lilime, lichotse. Kumapeto kwa kope sunga tsamba lolembapo chilichonse chimene wakhazikitsa, kuti chitsime cha kum'mawa m'mutu 2 chisapezeke kumadzulo m'mutu 9. Ukatero lemba chochitika choyamba: amayi awiri pa chitsime, madzi atsala a ndowa imodzi. Maufumu asanu ndi limodzi otsalawo adikire mpaka munthu wako atanyamuka kupita kumeneko.