Za braai yamagetsi mukufuna izidya makala ija

Achimwene funso lanu ndaliona, loti kodi braai yamagetsi, chowotchera nyama chija, ingasinthidwe kuti muziikamo makala poti magetsi kuno ku Harare akumabwera anthu tili mtulo. Zimatheka ndithu, ine ndinapangapo mu 2019 nthawi ija madzi anaphwera ku damu lopangira magetsi la Kariba magetsi n'kumazima mpaka maola 18 pa tsiku. Koma musanamasule chilichonse pezani kaye maginito, olo wa m'sipika yakutha, mugunditse pa beseni la pansilo. Akamata ndiye kuti ndi chitsulo, pitirizani. Akakana n'kukhalanso kuti beseniyo ndi yopepuka, ameneyo ndi aluminiyamu, isiyeni. Aluminiyamu amasungunuka pa 660°C ndipo makala akakolera bwino kamphepo kakuwomba amafika pamenepo osavuta, pomwe braai yamagetsi anaipangira kutentha kwa m'ma 250°C basi.

Ine poyamba ndinachita za changu, ndinangozula element, kachitsulo kotentha ndi magetsi kaja, n'kukhuthulira makala momwemo. Aaa penti yonse inasupuka ngati khungu la njoka, chogwirira chapulasitiki n'kumadontha ngati phula, nyama yonse fungo la matayala, ana anakana kudya ndipo mayi akunyumba mpaka lero akandiona ndanyamula sipanala amandikumbutsa. Ndiye chotsani zonse, element, mawaya, kotembenuzira moto kaja, pulagi, miyendo ndi zogwirira ngati zili zapulasitiki, pasatsale kanthu kosungunuka.

Nkhani yaikulu ndi yoti makala asakhale pa beseni penipeni. Pitani ku Siyaso ku Mbare, anyamata owotcherera zitsulo aja akupangireni kathireyi ka chitsulo chokhuthala 2 kapena 3mm, kokhala ndi timiyendo tating'ono ndi mabowo pansi ngati mbaula yathu ija, kuti mphepo izilowa cham'munsi phulusa lizigwera pansi. Beseniyonso aibowole m'mbali chakumunsi, mabowo oti chala n'kulowa, apo ayi moto uzingonyeka mosakolera inu muli kalikiliki kukupiza ndi katoni mpaka alendo njala iwapweteke. Pansi pa beseni thirani mchenga pang'ono, umateteza chitsulo komanso umamwa mafuta odontha. Kuchokera pa makala kufika pa waya wa nyama pakhale masentimita 10 mpaka 15, kuchepera apo nkhuku imapserera kunja mkati muli magazi.

Muwauziretu kuti asakuikireni malata onyezimira ofolera nyumba aja olo atati ndi otchipa. Amenewo amakutidwa ndi zinc ndipo akapsa amatulutsa utsi woyera umene umadwalitsa, munthu umamva ngati malungo. Chimodzimodzi ngati choikapo nyamacho chili ndi kakuda koterera kaja ka Teflon, kamayamba kuwonongeka kakadutsa 260°C, ndiye chimenecho sungani, mugule waya wamba. Mukamaliza muyatse kaye moto opanda nyama kwa ola lathunthu kuti penti yotsala ndi mafuta a kowotcherera zipse zithe. Makala bola a tsanya, kuno amati mopane, amakhalitsa ndipo sathetheka kwambiri.

Chinanso, yamagetsi munazolowera kuyatsira m'khitchini kapena mu garaja, iyi ayi. Makala amatulutsa carbon monoxide, mpweya wosanunkha wosaoneka, ndipo kuzizira kwa June ndi July kuno kumanyengerera munthu kuti alowetse moto m'nyumba aziwotha, anthu amagona osadzukanso. Panja basi, olo makala akuoneka ngati azima.

Koma ngati yanuyo ndi kakang'ono ka patebulo ndipo kakugwirabe ntchito, ine sindingakaphwasule, kazakuthandizani tsiku lomwe magetsi alipo mvula ikugwa. Ku Siyaso komweko amadula mgolo pakati n'kuuika miyendo, nyama ya ndiwo za banja lonse imakwanapo, mungofunsa kuti munali chani mumgolomo. Mukasankha zosinthazo nyamulani beseniyo mukwere nayo kombi akaiyeze okha, zoyeza ndi chingwe kunyumba ine thireyi yanga inabwera yosalowa.