Kodi kumeneko kulibe mabasi?

Achemwali ena andilembera imelo. Akufuna kukayenda okha ulendo wapansi wachipembedzo wotchedwa Camino de Santiago ku Spain, ndiye akufunsa kuti tsiku limatha bwanji munthu uli wekhawekha panjira. Kumapeto aikako kamzere kakuti abale awo akuwaseka. Kamzere kameneko ndi kamene kandikhazika pansi kuti ndilembe.

Inenso anandiseka, achemwali. Nditauza amalume pafoni kuti ndikukayenda wapansi makilomita pafupifupi 780, kuchokera ku Saint-Jean-Pied-de-Port m'dziko la France mpaka ku Santiago de Compostela, anayamba akhala duu, kenako n'kufunsa kuti, "Kodi kumeneko kulibe mabasi?" Ndinasowa choyankha. Kwathu munthu amayenda wapansi ndalama ya minibasi ikasowa. Agogo anga ankalawirira kuchigayo atasenza chimanga, kubwerako dzuwa litapendeka, ndipo palibe anawapatsapo satifiketi. Ine ndinachita kugula tikiti ya ndege kuti ndikatupitse mapazi.

Tsiku lake limayamba ndi majumbo. Mumagona m'nyumba za apaulendo zotchedwa albergue, pamabedi osanjikizana ngati kusekondale yogonera konko, ndipo cha m'ma 5 wina amayamba kufwatafwata ndi majumbo ake mumdima. Tulo tathera pomwepo. M'malo ambiri pofika 8 koloko muyenera kukhala mutatuluka. Mukatero mumangotsata mivi yachikasu yojambulidwa pamakoma, pamiyala ndi pamitengo, kumwa khofi m'mudzi woyamba, kuyendanso mpaka makilomita 20 kapena 25 atakwana. Cha m'ma 2 masana mwafika, akudindirani chidindo m'kabuku kanu ka apaulendo kotchedwa credencial, mwasamba, mwachapa masokosi pamanja, mwayanika. Magetsi amazimitsa 10 koloko usiku, mkonono n'kuyamba. Mawa lake chimodzimodzi, kwa mwezi wathunthu ndi masiku angapo.

Anthu amaganiza kuti kusungulumwa kumagwira usiku kapena m'thengo. Ine kunkandipeza masana, ndikamaliza kuchapa. Masitolo atseka poti eni ake akupuma, mudzi wonse uli zii, anzanga ogona nawo akucheza m'zinenero zawo, ine ndakhala pakhonde kuyang'ana matuza. Panjira aliyense amakupatsa moni wakuti "Buen Camino" (ulendo wabwino) n'kudutsa. Palibe wofunsa kuti mwadzuka bwanji, nanga kunyumba, nanga ana. Sindinkadziwa kuti moni wathu wautali uja ndingamusowe chonchi. Nsima ndiye musanene, buledi anandikola sabata yoyamba yomwe.

Chimene chimanditopetsa ndi anthu obwerako n'kumalemba pa Facebook kuti tsiku lililonse linali lodabwitsa. Bodza limenelo. Masiku ambiri sachitika kanthu. Pakati pa Burgos ndi León pali chigwa chotchedwa Meseta, minda ya tirigu yokhayokha mpaka pothera maso. Kuchoka pa Carrión de los Condes mumayenda makilomita 17 osapeza mudzi. Pamenepo ndinaimba nyimbo zonse zakwaya zimene ndimazidziwa, zitatha ndinayamba kukangana ndi malemu bambo anga mokweza mawu, nkhani ya sukulu imene anandikaniza kalekale. Ndinawawina, poti samayankha. Mwala umene ndinanyamula kuti ndikasiye pa Cruz de Ferro, pamtanda wachitsulo pamene apaulendo amaunjika miyala, ndinafika nawo mkwiyo utatha kale, moti ndinangouponya n'kumaganiza za chakudya chamasana.

Ndiulule tchimo lina. Pa tawuni ya Sarria anthu amachuluka mwadzidzidzi. Ambiri amayambira pomwepo, chifukwa kuyenda makilomita 100 omaliza n'kokwanira kuti ulandire satifiketi ya ulendowu yotchedwa Compostela. Ndinkawayang'ana ndi diso loipa, nsapato zawo zoyera mbee, zikwama zing'onozing'ono. Ine amene amalume anandiseka ndinasanduka woseka anzanga. Mpaka pano ndimaonabe kuti amene sanalawe Meseta sanaudziwe ulendowu, mundikhululukire.

Zoti munyamule

Chikwama chisapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera kwanu. Zovala ziwiriziwiri, masokosi mapeyala atatu, botolo la madzi, zotseka m'makutu, ndi chitenje, chimene kwa ine chinali thawulo, katani komanso chofunda. Nsapato muziyendere miyezi ingapo musananyamuke. Musanayale, yang'anani m'mphepete mwa matiresi ngati mulibe nsikidzi. Gulani chakudya Loweruka, Lamlungu masitolo ambiri satsegula. Ngati pasipoti yanu ndi ya Malawi, yambani msanga za viza ya Schengen yolowera ku France ndi ku Spain. Tsiku loyamba lokwera mapiri a Pyrenees kupita ku Roncesvalles ndi lowawa kwambiri, musalione ngati chitsanzo cha ulendo wonse.

Za abale okusekaniwo ndilibe mankhwala ake. Amalume nditawatumizira chithunzi cha satifiketi pa WhatsApp anafunsa ngati ingandithandize kupeza ntchito.