Khadi lochokera ku Joni likudetsa sikirini: kodi agule lina?

Achimwene ena a pa Makawa, panjira yopita ku Monkey Bay, anditumizira imelo. Ali ndi kashopu koika nyimbo ndi mafilimu m'mafoni, ndipo kumathero a sabata amajambula maukwati ndi zinkhoswe. Kompyuta yawo ndi Dell OptiPlex 9020 ya bokosi lalikulu lija, purosesa i5-4570, RAM 8GB. Mng'ono wawo amene ali ku Joni anawatumizira graphics card, khadi loikidwa m'kompyuta lothandiza kupanga zithunzi za pa sikirini, yolembedwa kuti GTX 1050 Ti 4GB. Chiikireni khadilo, sikirini imangoda akamamaliza vidiyo, kutanthauza pamene kompyuta ikusandutsa zimene akonza kukhala failo imodzi, makamaka masana, ndipo nthawi zina pamabwera timizere tobiriwira. Madiraiva atsopano, mapulogalamu othandiza Windows kuyendetsa khadi, amakana kulowa, amene amagwira ndi a pa kaCD kamene kanabwera m'katoni. Pano wina akuwatsatsa RX 580 ya 8GB, ndiye akufunsa ngati atenge.

Achimwene, ndalama yanuyo isungeni kaye m'thumba. RX 580 si ya bokosi lanulo, ndipo ndifotokoza chifukwa chake pansipa. Koma chimene chandidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yanu ndi kaCD kaja.

Ndikukayikira kuti khadi lanulo si GTX 1050 Ti. Pali makhadi ambiri achinyengo amene anasefukira m'misika ya pa intaneti, ndipo dzina limeneli ndi limodzi mwa amene akathyali amakonda kugwiritsa ntchito. Amatenga khadi lakale, kawirikawiri GTS 450 ya 2010 kapena GTX 550 Ti ya 2011, n'kulivalika fani yatsopano yonyezimira, kenako n'kusintha BIOS ya khadilo, kapulogalamu ka mkati mwake, kuti lizidzitchula dzina la mnzake. Mukapita pa Device Manager n'kutsegula Display adapters, Windows ikuuzani kuti GTX 1050 Ti, chifukwa iyo imangowerenga dzina limene khadi lanena. Ngakhale dxdiag, kapulogalamu ka Windows koonetsa zida za kompyuta, ikuuzani zomwezo. Choncho pamenepo sipokwanira.

Yambani ndi maso. Suzumirani kumbuyo kwa bokosi, pamene khadi latulukira. Ngati pali bowo labuluu la VGA, la mapini 15 lija, chikayiko changa chakula. GTX 1050 Ti inatuluka mu Okutobala 2016, ndipo m'banja limenelo Nvidia, kampani yopanga machipu a makhadi a GTX, inali itasiya kale VGA. Makhadi enieni amabwera ndi DVI-D, HDMI ndi DisplayPort. Kenako tsitsani kapulogalamu kaulere kotchedwa GPU-Z ka TechPowerUp. N'kakang'ono, sikadya bandulo. Mukakatsegula musathamangire dzina, onani mabokosi ali pansi pake. Pa GTX 1050 Ti yeniyeni, pamene alemba kuti GPU pakhale GP107, pa Technology pakhale 14 nm, pa Shaders pakhale 768. Mukapeza GF106 kapena GF116, 40 nm ndi ma shader 192, ndiye kuti mwagwira lachinyengo. Kuyambira mu 2018 GPU-Z imathanso kulemba yokha mawu akuti FAKE kutsogolo kwa dzina ikazindikira khadi lotere.

Zizindikiro zanu zikugwirizana nazo bwino zimenezi. Khadi lachinyengo limauza Windows kuti lili ndi 4GB pamene memori yake yeniyeni nthawi zambiri ndi 1GB. Mukamaika nyimbo m'mafoni kapena kuonera filimu, zonse zimayenda bwino chifukwa simunafike pamalire. Koma mukaika vidiyo ya ukwati wonse, ndi zithunzi, ndi mayina a akwati oyendayenda pa sikirini, pulogalamu imayamba kusunga zinthu pamalo amene kulibe. Apo ndi pamene pamabwera timizere, kenako mdima. Madiraiva nawo: Nvidia inasiya kupangira madiraiva atsopano makhadi a m'banja la GTS 450 mu 2018, ndiye diraiva wa lero akafika amapeza kuti dzina ndi lina, chipu ndi china, n'kukana. N'chifukwa chake ogulitsawo amaikamo kaCD ka diraiva wakale.

Zikapezeka kuti ndi choncho, lichotseni. Palibe chimene mungachite kuti 1GB isanduke 4GB. Ndipo mng'ono wanuyo mulankhule naye mofatsa, naye anamupusitsa, ndipo ndalama ya ku Joni imabwera ndi thukuta. Mukachotsa khadi, bwezerani nthambo ya monita pa bowo la motherboard, bolodi lalikulu limene zonse zimalumikizidwapo. Purosesa yanu ili ndi zake mkati, Intel HD Graphics 4600, ndipo anthu amazipeputsa pachabe. Muli kachigawo kotchedwa Quick Sync kamene ntchito yake ndi kupanga vidiyo ya H.264 mwachangu. Mapulogalamu ambiri okonzera mavidiyo amakagwiritsa ntchito mukasankha hardware encoding. Ntchito ya makasitomala anu isaime chifukwa chodikira khadi.

Tsono tiyerekeze kuti GPU-Z yati khadi ndi lenileni. Pamenepo mawu anu akuti "masana" ndi amene tiwatsate. Tonse tikudziwa mmene kashopu ka malata kamakhalira kuno kunyanja mu Okutobala ndi Novembala, kunja kukadutsa madigiri 35, mkati munthu osatha kukhala ndi malaya. Khadi limadziziziritsa ndi mpweya womwewo. Mu GPU-Z dinani pa Sensors, yambani kumaliza vidiyo, maso akhale pa GPU Temperature. Makhadi amenewa akafika cha m'ma 83 amayamba kudzichepetsera liwiro okha, ndipo malire a GTX 1050 Ti ndi madigiri 97. Ngati nambala ikukwera mofulumira kupita ku 90, vuto lapezeka. Onaninso Fan Speed, koma musakhulupirire nambala yokha, tsegulani chivindikiro cham'mbali muone ngati fani ikuzunguliradi.

Bokosi lina limene anandibweretsera kuchokera kugombe ndinalitsegula n'kupeza kuti pakati pa timapiko ta aluminiyamu, pansi pa fani, fumbi linali litaumbika ndi chinyezi mpaka kuuma gwa, ndipo pakona akangaude anali atamanga. Fani inkazungulira ndithu, koma mpweya unalibe podutsa. Mwini wake anali atagula kale khadi lina. Zimene linkafuna bokosilo ndi burashi yofewa ndi blower basi.

Potsuka, zimitsani, zulani pulagi kukhoma, dinani batani loyatsira kwa masekondi angapo kuti moto wotsalira uthe, ndipo gwirani chitsulo cha bokosi musanagwire khadi. Kumapeto kwa mpata umene khadi limalowa kuli kaloko kapulasitiki. Kakankheni musanakoke, ambiri amathyola pamenepo. Popemerera ndi blower gwirani fani ndi chala isazungulire, chifukwa ikathamanga mopitirira imawonongeka. Ngati khadi lakhalitsa, phala lija limakhala pakati pa chipu ndi chitsulo choziziritsira, thermal paste, limakhala litauma. Pukutani lakale, ikani kadontho katsopano. Mukabwezera khadi likankheni mpaka kaloko kalire. Ndipo bokosi lichoke pansi, likhale patebulo, kumbuyo kwake kusagunde khoma. Ngati mungathe, mavidiyo aataliwo muziwamaliza usiku kapena m'mamawa.

Ngati kutentha kuli bwino, pali mayeso amodzi osavuta osiyanitsa vuto la madiraiva ndi vuto la khadi. Yatsani kompyuta, dinani F2 mulowe mu BIOS ya kompyuta. Timizere tikaoneka mmenemo, Windows isanayambe, madiraiva alibe mlandu: ndi nthambo, monita kapena khadi lenilenilo, ndiye yesani nthambo ina ndi monita ina musanaliweruze. Ngati mu BIOS muli bwino, chotsani madiraiva onse a khadi ndi kapulogalamu kotchedwa DDU muli mu Safe Mode (Windows itayatsidwa ndi zinthu zofunikira zokha), intaneti mutaizimitsa kuti Windows isakuikireni ake, kenako ikani amene mwatenga pa webusaiti ya Nvidia. Failo yake ndi ya ma MB mazanamazana, ndiye itsitseni kamodzi muisunge pa fulashi. Sikirini ikada muli pakati pa ntchito, dinani pamodzi Windows, Ctrl, Shift ndi B. Mumva kulira kamodzi ndipo diraiva ayambanso, nthawi zina ntchito yanu imapulumuka. Koma mukachita zonsezi n'kupezabe chizindikiro chachikasu ndi Code 43 pa Device Manager, khadi limenelo lafika pamapeto.

Tibwere ku RX 580. Khadili silonyozeka, linatuluka mu 2017 ndipo mpaka lero limakoka ndithu. Vuto ndi moto. Mpata umene khadi limalowa pa motherboard, wotchedwa PCIe x16, umapereka mawati osapitirira 75. Khadi lofuna oposa pamenepo limafuna nthambo yake yochokera ku power supply, kabokosi kogawa moto m'kompyuta: ya mapini 6 imawonjezera mawati 75, ya mapini 8 imawonjezera 150. RX 580 imadya mawati 185 ndipo imafuna ya mapini 8, pa power supply ya mawati 500. Yanu ndi ya 290 ndipo nthambo imeneyo ilibe. Kuika khadi limeneli mmenemo kuli ngati kumangirira injini ya boti lalikulu pa bwato.

Wogulitsayo mwina akuuzani kuti pali ka adaputa kotenga moto pa nthambo ya SATA. Chonde musalole. Cholumikizira cha SATA chinapangidwira mawati 54 okha kumbali ya 12V. Mukachisenzetsa katundu wa khadi lalikulu chimatentha, pulasitiki n'kusungunuka, ndipo shopu yanu ili ndi mafoni a anthu. Kusintha power supply nakonso sikophweka pa 9020, chifukwa motherboard yake imalandira moto ndi cholumikizira chakechake cha mapini 8, osati cha mapini 24 chimene ma power supply wamba ali nacho. Pamafunika adaputa ina, ndipo khadi lalitali limakagunda pamene pamakhala ma hard disk. Mukawerengera zonsezi mupeza kuti ndalama yakwana theka la kompyuta ina. Ngati mumadalira sola ndi inveta magetsi akazima, mabatire anu nawo alira.

Chinanso, ma RX 580 ambiri ogulitsidwa akale anagwirapo ntchito yokumba ndalama za pa intaneti usana ndi usiku, mpaka Ethereum, imodzi mwa ndalamazo, itasiya njira imeneyo mu Seputembala 2022, ndipo pamenepo anathiridwa pamsika ambirimbiri. Ena amagwirabe bwino, ena mafani ndi memori zinatopa. Palinso lina lotchedwa RX 580 2048SP, limene ma shader ake ndi 2048 ngati RX 570, pamene RX 580 yeniyeni ili ndi 2304.

Limene ndingakusankhireni ndi GTX 1650, ya 2019, ya 4GB, koma mtundu umene ulibe bowo la mapini 6 pamwamba, chifukwa ilipo ina imene ili nalo. Imakhutira ndi mawati 75 a mpata, ili ndi NVENC yofulumizitsa kumaliza vidiyo, ndipo imawerenga bwino mavidiyo a HEVC amene ma iPhone ndi mafoni ena atsopano amajambula, amene purosesa yanu imavutika nawo. GTX 1050 Ti yeniyeni nayo ichita ntchito imeneyi, kungoti Nvidia yasiya kupangira banja la GTX 10 madiraiva a zinthu zatsopano, pamene 1650 ikulandirabe.

Pali ena amene amadzaza m'mashopu amene sindikufuna muwataire ndalama. GT 710 siiposa kwenikweni zimene zili kale mu purosesa yanu, ngakhale katoni ikuwa kuti 2GB. Kuchuluka kwa ma GB pakokha sikutanthauza mphamvu. GT 1030 imadya mawati 30 okha, koma ilibe NVENC, ndipo pali ina ya memori ya DDR4 imene imachedwa kwambiri poyerekeza ndi ya GDDR5 pamene dzina ndi limodzi. RX 6400 ndi yatsopano, ya 2022, koma nayo ilibe chopangira vidiyo. Wosewera magemu ingamuthandize, inu ayi.

Musanagule chilichonse, tsegulani Task Manager, pitani pa Performance, muyambe ntchito yanu ya tsiku ndi tsiku. Simunandiuze ngati muli ndi SSD, chosungira mafailo chothamanga kuposa hard disk. Ngati mukugwiritsabe hard disk yozungulira ndipo Disk ikungokhala pa 100%, kapena Memory yadzaza, khadi latsopano silichotsa kuchedwako. SSD ndi RAM ya DDR3 yofikitsa 16GB zimatsika mtengo kuposa khadi, ndipo bokosi lanulo lili ndi mipata inayi ya RAM. Kwa ine, ndalama yoyamba ipite kumeneko.

Tsiku logula khadi likafika, kaya ndi pa Boma pano, ku Limbe kapena ku Lilongwe, nyamulani bokosi lanulo ngakhale n'lolemera, ndi fulashi yokhala ndi GPU-Z, madiraiva ndi vidiyo imodzi yaitali ya ukwati. Khadi lilowe m'bokosi lanu, osati la wogulitsa. Onani manambala pa GPU-Z, malizani vidiyoyo mpaka kumapeto maso ali pa kutentha, mvetserani ngati fani ikukhwekhwereza, ndipo ndalama ituluke pambuyo pake. Wogulitsa akakana kuti muyese, musiyeni. Ngati mutumanso ku Joni, mng'ono wanuyo akutumizireni kaye pa WhatsApp chithunzi cha mabowo akumbuyo, cha pamwamba pa khadi kuti muone ngati pali bowo la mapini 6, ndi cha GPU-Z khadilo lili mu kompyuta yoyaka. Pa GTX 1650 ya 2019, pamene alemba kuti GPU pakhale TU117, 12 nm, ma shader 896.