Funsani a Tekinoloje: Bwanji CPU (purosesa) yanga ikukanirira pa 95%?

FUNSO: Akulu, ndinalemba kapulogalamu koyendetsa mota pa Linux, ndinakaika pa SCHED_FIFO (njira yoti kazitsogola ntchito wamba pa purosesa) ndi priority 99, yapamwamba kwambiri, kuti kasamachedwe. Koma ndikayang'ana pa top (pulogalamu yoonetsa mmene purosesa ikugwiritsidwira ntchito) kakungothera pa 95%, ndiye motayo imakhala ngati yajejema kamodzi pa sekondi iliyonse. Mnzanga akuti ndingolemba -1 mu sched_rt_runtime_us nkhani ithe. Nditero?

YANKHO: Achimwene, musathamangire zimenezo chonde. 95% imeneyo si vuto la makina anu ayi, anachita kuika dala. Pa ma kernel ambiri (kernel ndiye mtima wa Linux umene umagawa nthawi ya purosesa) sched_rt_period_us imakhala mamaikirosekondi 1000000 pomwe sched_rt_runtime_us ndi 950000, ndiye kuti pa sekondi iliyonse ntchito za real-time (zosafunika kuchedwa, ngati yanuyo) zimapatsidwa mamilisekondi 950, otsala 50 aja amasungira ntchito wamba. Kujejema mukumvako ndi komweko. Mukaika -1 malirewo amachoka, ndiye kapulogalamu kanu kakangolowa mu loop yosatha (kuzungulira osaima), purosesa yonse kaitenga, ndipo pa makina a purosesa imodzi ngakhale terminal yoti mukaphere ikhoza kusatsegukanso, basi kuzimitsa pa batani.

Koma chimene chikundidetsa nkhawa ine ndi ichi: bwanji kapulogalamu ka mota kakudya purosesa yonse? Ndikuganiza kamangozungulira kudikira osagona. Konzani pamenepo kaye, kazigwira ntchito yake kenako nkugona mpaka nthawi ikwanenso.

Mukatero yesani njira ina m'malo mwa SCHED_FIFO yotchedwa SCHED_DEADLINE, inalowa mu Linux 3.14 chaka cha 2014. Iyi simumaiuza kuti ndine wamkulu ndiyambe ine, mumaiuza manambala atatu, runtime (nthawi imene ntchito imafuna pa purosesa), deadline (nthawi imene iyenera kukhala itatha) ndi period (imabwerezedwa pakapita nthawi yaitali bwanji). Tinene kuti ntchito yanu imafuna mamilisekondi 2 pa 10 aliwonse, ndiye 20% ya purosesa imeneyo, mulemba chonchi (manambalawo ndi ma nanosekondi):

chrt -d --sched-runtime 2000000 --sched-deadline 10000000 --sched-period 10000000 0 ./mota

Kernel imayamba yawerengetsa kaye ngati malo alipo, ikaona kuti zomwe inalonjeza kale zadzaza imakukanirani pomwepo ndi uthenga wakuti EBUSY, ndipo kukanako nkwabwino kusiyana nkuvomera kenako zonse zizichedwa. Ikavomera imayendetsa kaye ntchito imene deadline yake yayandikira kwambiri, njira yotchedwa EDF (Earliest Deadline First), akatswiri Liu ndi Layland anaonetsa mu 1973 kuti pa purosesa imodzi imatha kudzaza mpaka 100% osaphonya. Ntchito ikadya kupitirira runtime yake imaimitsidwa yokhayo mpaka period ina, zinzake osakhudzidwa.

Runtime musayike mongoganizira, yezani pamene pulogalamu yachedwetsetsa makina ali otanganidwa, nkuwonjezerapo pang'ono.