Mwana alembe mfunda kapena dzina la bambo ake?

Mphunzitsi wina wa ku Dedza wafunsa kuti: "Tikamalembetsa ana a Sitandade 8 mayeso a MANEB, pamalo olemba 'surname' ena amaika dzina la bambo awo, ena mfunda, pamene ena amati chiwongo. Kodi mawu atatuwa akutanthauza chinthu chimodzi?"

Aphunzitsi, funso lanuli landikondweretsa, pakuti ana ambiri amamaliza sukulu osadziwa kuti dzina limene lili pasatifiketi pawo linachokera kuti. Mawuwa si amodzi ayi. Dzina la bambo ndi la munthu mmodzi, amene mwanayo amamudziwa nkhope, pamene mfunda ndi wa fuko lonse, amoyo ndi akumanda omwe: Banda, Phiri, Mwale, Mbewe. Akuluakulu amasimba kuti a Phiri ndi aja anagona paphiri, ndipo a Banda ndi aja anabanda udzu m'munsi mwake. Ine nthano imeneyi ndimaivomereza, chifukwa mawuwo akudzichitira okha umboni.

Chiwongo ndi mawu obwera. Anadza ndi Angoni, amene anachoka kumwera m'zaka za m'ma 1800, ndipo kholo lake ndi isibongo la Chizulu. Sindikuwakana, poti kwanu ku Dedza ndi ku Ntcheu anakhazikika kalekale, koma Mchewa akafuna kutchula zake anene mfunda.

Chimene chimandiwawa ndi kutayika kwa "Na-". Agogo anga aakazi sankaitanidwa ndi dzina lina koma Naphiri, ndipo aliyense wakumva ankadziwiratu kumene anachokera ndi ulemu umene ayenera kuwapatsa. Lero mtsikana wa kusekondale ukamuitana kuti Nabanda amachita manyazi, ati ndi zachimidzi, koma "Miss Banda" amavomera mwansangala. Vuto si la mwanayo. Mafomu a kusukulu anapangidwa ndi maganizo akuti mwana ndi wa bambo, pamene kwa Achewa mwana ndi wa mbumba ya mayi ake ndipo womuyang'anira ndi mtsibweni wake, amene fomuyo simufunsa n'komwe.

Tsono musanalembe kanthu, mutumeni mwanayo akafunse kwawo kuti mfunda wake ndani, ndipo makolo ndiwo asankhe loti lilembedwe, chifukwa dzina limene lalowa ku MANEB limavuta kusintha ndipo lidzamutsata mpaka pa MSCE. Pomufunsa m'kalasi, nenani kuti "mfunda wako ndani?", osati "surname yako ndi chani?"