Kodi Chingerezi cha ku Liverpool n'cholakwika?

Funso: Mchemwali wanga ndi namwino ku Liverpool. Akuti Azungu akumeneko amavuta kuwamva, ndipo a ku London amawaseka. Kodi Chingerezi si chimodzi? Wowerenga wa ku Ndirande.

Yankho: Si chimodzi, achimwene. Cha m'ma 450, mitundu ya Angles, Saxons ndi Jutes inalowa ku Britain, uliwonse ndi kayankhulidwe kake. Kenako a Viking, anthu ochokera ku Scandinavia, anakhazikika kumpoto ndi kum'mawa ndi chiyankhulo chawo. Ku Liverpool kunasefukiranso anthu a ku Ireland othawa njala ya m'ma 1840, n'kubweretsa katchulidwe kawo.

Kusekako gwero lake ndi chuma. M'ma 1800 ana a olemera pa sukulu ngati Eton anazolowera katchulidwe kotchedwa Received Pronunciation, ndipo BBC, yomwe inayamba mu 1922, inakafalitsa mpaka anthu n'kumakayesa kokhako kolondola. Pamenepo palibe chilungamo.

Mchemwali wanu atchere khutu apa: kumpoto kwa England, komwe kuli Liverpool, "cup" amamveka ngati "kup", ndipo "a" wa mu "bath" sakokedwa. Ku Liverpool "k" wakumapeto, monga mu "back", amakhulira kukhosi. Pa nkhani ya mankhwala asaganizire; apemphe wodwalayo abwereze pang'onopang'ono, kapena alembe.